Bilimankhwe Anawoloka Bwanji Nyanja?

(NYIMBO YOTSEGULIRA, ITSIKE PANG'ONOPANG'ONO)

WOULUTSA: Yakwana nthawi ya pulogalamu yathu ya sayansi ndi zachilengedwe. Lero tikamba za abuluzi, koma tikhalitsa pa mmodzi amene ambirife tikamuona pa nthambi timabwerera m'mbuyo: bilimankhwe, amene ena amamutcha nanzikambe.

Musadabwe, bilimankhwe ndi buluzi ndithu. Abuluzi alipo mitundu yoposa 7,000 padziko lapansi. M'gulumo muli nalimata amene amasaka tizilombo pafupi ndi nyali usiku, muli gulo wogwedeza mutu pa tsinde la mtengo, muli ng'azi ya kumtsinje, mulinso bilimankhweyu. Makolo athu anamuika m'nthano yaikulu. Amati Chauta anamutuma kukauza anthu kuti akafa adzaukanso, koma iye m'njira phazi kuponya, kubweza, kuponyanso, mpaka buluzi wina anamupitirira nakafika ndi uthenga wakuti wafa wapita. Chifukwa cha mlandu umenewu, ana ena akamugwira amamuthira fodya m'kamwa. Ana inu, zimenezo lekani. Bilimankhwe alibe poizoni, ndipo ntchito yake ndi kutidyera ziwala ndi ntchentche.

Tsono funso la lero nali. Abilimankhwe alipo mitundu yoposa 200. Pafupifupi theka la mitunduyi ili pa chilumba cha Madagascar, yambiri mwa yotsalayo ili kuno ku Africa, ndipo yochepa chabe imapezeka ku Arabia, ku India, ku Sri Lanka ndi kum'mwera kwa Europe. Pakati pa gombe la Mozambique ndi Madagascar pali nyanja yamchere, ndipo pamene yapapatiza kwambiri ndi makilomita oposa 400. Kanyama kamene kamapondedwa ndi galimoto kasanamalize kuwoloka msewu wa tala, kanapezeka bwanji mbali zonse ziwiri za madzi amenewo? Nanga kwawo kwenikweni ndi kuti, uku kapena uko?

Yankho lofulumira lilipo. Kalekale Africa, South America, India, Madagascar, Australia ndi Antarctica zinali mtunda umodzi waukulu umene akatswiri amautcha Gondwana. Mtundawu unang'ambika pang'onopang'ono. Madagascar inalekana ndi Africa zaka pafupifupi 160 miliyoni zapitazo, ikadali yogwirana ndi India, kenako inalekana ndi India zaka pafupifupi 88 miliyoni zapitazo. Ngati abilimankhwe analipo kale nthakayo isanang'ambike, ndiye kuti sanawoloke kanthu, anangotengedwa ndi nthaka imene anapondapo. Koma kuti tivomereze zimenezi, tiyenera kudziwa zaka za banja lawo. Mafupa a bilimankhwe ndi aang'ono ndi ofewa, sasungika kawirikawiri m'miyala. N'chifukwa chake asayansi anakafunafuna umboni m'kati mwa thupi la bilimankhwe wamoyo.

(NYIMBO YAIFUPI)

WOULUTSA: Thupi la munthu, la nkhuku, la buluzi, ngakhale phesi la chimanga, linamangidwa ndi timaselo tosaoneka ndi maso. Pakati pa selo pali phata, ndipo m'phatamo ndi mmene mumasungidwa DNA, malangizo a mmene chamoyocho chidzakhalire. Mwa munthu malangizowa ali ndi zilembo zoposa 3 biliyoni, ndipo timalandira mpukutu umodzi kwa amayi, wina kwa abambo.

Kunja kwa phatalo, koma m'selo momwemo, muli tinthu tina totchedwa mitochondria. Nsima imene munadya masana ija ikagayika n'kusanduka shuga, mitochondria ndi imene imatenga shugayo ndi mpweya umene mukupumawu n'kutulutsa mphamvu yoti mulimire, muyendere, muganizire. Selo limodzi limatha kukhala nayo mazanamazana, lina masauzande.

Chimene chinazunguza mitu ya akatswiri n'chakuti mitochondria ili ndi DNA yakeyake, yosiyana ndi ya m'phata. Ndi yaifupi, ndipo ndi yozungulira, mkombero wopanda poyambira kapena pothera, mmene imakhalira DNA ya mabakiteriya. Mu 1967, mayi wina wasayansi wa ku America, Lynn Margulis, analemba kuti zimenezi sizinangochitika. Iye anati mitochondria inali mabakiteriya odziyendera okha, amene zaka zoposa 1 biliyoni zapitazo analowa m'selo lina n'kukhazikika momwemo. Ambiri anamukana poyamba. Lero zimenezi zili m'mabuku a kusukulu.

Mkombero wa munthu unawerengedwa wonse mu 1981 ku Cambridge, ku England, ndi gulu la Frederick Sanger. Anapeza zilembo 16,569 ndi majini 37. Mwa majiniwa, 13 amapanga mapuloteni ogwira ntchito yotulutsa mphamvu ija, ndipo 24 enawo ndi othandizira popanga mapuloteniwo. Mkombero wa buluzi ndi wa msinkhu wofanana ndi umenewu, majini akenso ndi omwewo.

Tsono tcherani khutu apa, chifukwa ndi pamene pagona nkhani yonse. Mitochondria timalandira kwa amayi okha. Ili m'dzira, ndipo yochepa imene imabwera ndi mbewu ya abambo sipitirira. Ife a mitundu yotsata kuchikazi, Achewa, Ayao, Alomwe, sitingavutike kumva zimenezi. Mwana ndi wa bele la amayi ake. Mwamuna amabadwira m'bele limenelo, koma ana ake amawerengedwa kwa amayi awo, ndipo mzere umapitirira kudzera mwa alongo ake. Mitochondria imayenda njira yomweyo, kuchokera kwa agogo aakazi, kupita kwa amayi, kufika kwa mwana, mwa munthu ndi mwa buluzi yemwe.

Popeza sisakanikirana ndi ya abambo, mkomberowu umasintha pokhapokha pamene selo lalakwitsa pokopera. Chilembo chimodzi chikalakwika mwa mayi mmodzi, ana ake onse amachitenga, zidzukulu za kuchikazi nazo chimodzimodzi. Zolakwika zoterezi zimaunjikana m'mibadwo, ndipo mu mitochondria zimaunjikana mofulumira kuposa m'phata la selo. Mukayerekeza abuluzi awiri n'kupeza kuti akusiyana zilembo zochepa, ndiye kuti mayi amene onse anachokerako ndi wa posachedwa. Akasiyana zilembo zambiri, ubale wawo ndi wa kutali. Mukakhala ndi mafupa akale angapo odziwika zaka zake oti muyezerepo, mutha kuwerengera kuti mabanja awiri analekana liti. Ndipo simufunika kupha nyamayo. Kansonga ka mchira n'kokwanira.

(NYIMBO YAIFUPI)

WOULUTSA: Pali chinanso chimene ine chimandichititsa chidwi kuposa kuwerenga zilembo. Majini 37 aja sanangomwazikana pa mkomberowo. Amatsatana mwa dongosolo, ndipo dongosololi ndi lakale zedi. Tengani chambo, tengani fulu, tengani munthu: majiniwo mudzawapeza atandandalikana mofanana, ngakhale kuti makolo a zamoyo zitatuzi analekana zaka mamiliyoni mazanamazana zapitazo. Jini kusamuka pamalo pake n'chinthu chosachitikachitika. Choncho zamoyo ziwiri zikapezeka ndi kusamuka kofanana, umenewo ndi umboni wamphamvu wakuti zinachokera kwa kholo limodzi.

Pa mkomberowo pali timajini titatu toyandikana timene asayansi amatitchula ndi zilembo I, Q ndi M. Mwa nyama zambiri zamsana timatsatana choncho: I, Q, M. Mu 1997, Robert Macey ndi anzake ku America anaonetsa kuti mwa abilimankhwe tiwiri toyambato tinasinthana malo, n'kukhala Q, I, M. Ndipo anapeza zomwezo mwa banja la gulo. Inde, gulo wothamanga uja, amene mukangosuntha wazungulira kale kuseri kwa mtengo, ndiye mbale wapafupi wa bilimankhwe, kuposa nalimata, kuposa ng'azi. Akatswiri a mafupa anali ataona kale chizindikiro china. Abuluzi ambiri mano awo amamera chakumbali, m'kati mwa nsagwada, ndipo likaguluka limamera lina. Koma gulo ndi bilimankhwe mano awo anamatirira pamwamba penipeni pa fupa la nsagwada. Gulu limeneli amalitcha Acrodonta. Mano ndi mitochondria zinachitira umboni umodzi.

Ubale unadziwika, koma za kwawo mpamene panabuka mkangano, ndipo unatenga zaka.

Mu 2002, Christopher Raxworthy ndi anzake analemba m'magazini ya Nature. Anagwiritsa ntchito tizigawo ta DNA ya mitochondria pamodzi ndi maonekedwe a thupi, ndipo anapeza kuti banja la abilimankhwe ndi laling'ono pa zaka, linayamba Gondwana atang'ambika kale. Yankho lofulumira lija linagwa pamenepo: kuwoloka kunachitika ndithu. Iwo anati kwawo ndi ku Madagascar, ndipo anawoloka kangapo kubwera ku Africa. Zinkamveka. Kumene kuli mitundu yochuluka kwambiri, munthu umaganiza kuti n'kumene anayambira. Ku Madagascar kuli akuluakulu oposa theka la mita, kulinso timene timatchedwa Brookesia, tina mwa ito tosakwana masentimita atatu kuyambira kumphuno mpaka kumchira.

Mu 2010, akatswiri awiri a ku Japan, Yasuhisa Okajima ndi Yoshinori Kumazawa, anawerenga mikombero yathunthu ya mitundu 10 ya gulu la gulo ndi bilimankhwe. Anapeza kuti m'gulu limeneli mitochondria ndi yosakhazikika: zilembo zimasintha msanga, majini amasamuka kawirikawiri kuyerekeza ndi abale awo, abuluzi a ku America otchedwa iguana. Anapezanso chenjezo. Kajini kena, kotchulidwa ndi chilembo P, kanasamuka kupita malo amodzimodzi mwa abilimankhwe ndi mwa nthambi ina ya agulo, koma zikuoneka kuti kanasamuka kawiri, uku pakokha, uko pakokha. Ndiye kuti ngakhale umboni wamphamvu uja uyenera kuyesedwa ndi umboni wina. Pa za chiyambi, iwo anaona kuti umboni ukupendekera ku Gondwana: kuti makolo a gulo ndi a bilimankhwe analekana pa chigawo chija cha India ndi Madagascar, ndipo agulo anatengedwa ndi India ulendo wa kumpoto mpaka anakagunda Asia. Koma ananena poyera kuti mwayi woti gululi linayambira kumpoto sanautseke. Mpaka lero akatswiri akutsutsanabe pa makolo akale kwambiriwo.

Kenako mu 2013 kunabwera kafukufuku amene ine ndimamuona wolemera kuposa onse pa nkhani ya bilimankhwe. Krystal Tolley wa ku South Africa, pamodzi ndi Ted Townsend ndi Miguel Vences, anasonkhanitsa mitundu yoposa 170, pafupifupi banja lonse. Sanadalire mitochondria yokha, anawonjezera majini a m'phata la selo. Zotsatira zake zinatembenuza nkhani: kwawo kwa abilimankhwe ndi kuno ku Africa. Ku Madagascar anapitako kawiri. Ulendo woyamba unali zaka pafupifupi 65 miliyoni zapitazo, ndipo kunachokera timabilimankhwe tating'ono tija ta Brookesia. Wachiwiri unali zaka pafupifupi 47 miliyoni zapitazo, ndipo kunachokera akuluakulu a m'mitengo, magulu otchedwa Calumma ndi Furcifer. Mitundu ya ku Madagascar inachuluka abilimankhwewo atafika kumeneko, osati chifukwa ndiwo oyamba.

N'chifukwa chiyani mitochondria payokha sinathe kuthetsa mlanduwu? Choyamba, imanena za mzere umodzi wokha, wa amayi, pamene chamoyo chili ndi makolo ambirimbiri. Komanso kufulumira kuja, kumene kumathandiza posiyanitsa abale apafupi, kumasokoneza pa mbiri yakale kwambiri. Chilembo chimodzi chikasintha kanayi kapena kasanu m'zaka mamiliyoni, chimatha kubwerera mmene chinalili poyamba, ndipo woyerekeza amaona ngati sichinasinthe. Izi sizikuchotsa ulemu wa kafukufuku wa 2002. Iye ndiye anatsimikiza kuti nyanja inawolokedwa, enawo anakonza za kumene ulendo unalowera.

Maumboni ena anabwera kudzagwirizana nazo. Pa zilumba za Seychelles pali bilimankhwe amene DNA yake inaonetsa mu 2011 kuti abale ake apafupi ali kum'mawa kwa Africa, osati ku Madagascar. Ndipo mu 2020 akatswiri anafotokoza chigaza chosanduka mwala cha pa chilumba cha Rusinga, m'nyanja ya Victoria ku Kenya, cha zaka pafupifupi 18 miliyoni. Anachiika m'gulu la Calumma, gulu limene lero limapezeka ku Madagascar kokha.

(NYIMBO YAIFUPI)

WOULUTSA: Nanga anawoloka pa chiyani? Inu a ku Chikwawa ndi ku Nsanje mwaonapo zimene Shire amanyamula akakwiya. Pa namondwe Freddy mu 2023, amene anatisiyira maliro osaiwalika, madzi anazula mitengo yathunthu ndi mizu yomwe, nsungwi, mabango ndi udzu, zonse zitapiringizana, kulowera ku Zambezi ndi kunyanja yamchere. Mitsinje ikuluikulu ya kale ija inkachita chimodzimodzi. Tsono yang'anani phazi la bilimankhwe. Zala zake zinamangana magulu awiri, ziwiri uku zitatu uko, ndipo akafumbata nthambi simungamuchotse mosavuta, mchira nawo amaukulunga pomwepo. Thupi lake silidzitenthetsa lokha monga lathu, choncho safuna chakudya chambiri. Wamkazi mmodzi wokhala ndi mazira m'mimba akhoza kuyambitsa mtundu.

Panali chotsutsa chimodzi chachikulu. Masiku ano madzi a pakati pa Mozambique ndi Madagascar sayenda molowera ku Madagascar, ndipo mtengo wogwera m'nyanja kuno sungakafike uko. Mu 2010, Jason Ali ndi Matthew Huber anawerengera pa kompyuta mmene madziwo ankayendera kale, nthawi imene Madagascar inali chakum'mwera kuposa pamene ili lero. Anapeza kuti nthawi imeneyo madzi ankachoka ku gombe la Tanzania ndi kumpoto kwa Mozambique kulowera kum'mawa, ku Madagascar. Chilumbacho chitasendera kumpoto, kayendedwe ka madzi kanasintha, njira n'kutsekeka. Zaka za maulendo awiri aja zikugwera m'nthawi imene njirayo inali yotseguka.

Mwina wina akuti, zonsezi n'zongoganizira, ndani anaona? Zofanana nazo zinaonedwa ndi maso. Mu 1995, anamondwe awiri, Luis ndi Marilyn, atadutsa ku zilumba za Caribbean, asodzi a pa chilumba cha Anguilla anaona mulu wa mitengo utakocheza pagombe, pamwamba pake pali abuluzi a iguana osachepera 15, a mtundu umene pachilumbapo panalibe. Akatswiri anapeza kuti ayenera kuti anachokera ku Guadeloupe, mtunda wa makilomita pafupifupi 300. Patapita zaka ziwiri ena anali akadali moyo pamenepo. Milu yambiri yotere imamira kapena kusochera, n'zoona. Koma pa zaka mamiliyoni makumimakumi, bilimankhwe anangofunika kuti zimuyendere kawiri.

(NYIMBO YAIFUPI)

WOULUTSA: Tibwerere kwathu, chifukwa njira yomweyi yowerengera DNA yatiululira chuma chimene tinali nacho osachidziwa. Bilimankhwe amene timakumana naye m'munda ndi mtundu umodzi wofala m'maiko ambiri a Africa. Koma m'nkhalango za m'mapiri muli ena osapezeka kwina kulikonse. Pa phiri la Mulanje pali mmodzi amene mu 2006, DNA itaonetsa kuti ndi wa nthambi yakeyake, anamupatsa gulu lake lotchedwa Nadzikambia. Mbale wake anapezeka pa phiri la Mabu ku Mozambique n'kulembedwa mu 2010. Mu 2014 akatswiri analembanso mitundu inayi yatsopano ya timabilimankhwe ta pansi, umodzi pa phiri lililonse: Mabu, Namuli, Chiperone ndi Inago. Pamaso timaoneka tofanana, tofiirira, ta mchira waufupi, toyenda m'masamba ouma. Ndi DNA imene inaonetsa kuti ndi mitundu yosiyana. Nkhalango zinali zotambalala kale, nyengo itauma zinatsalira pamwamba pa mapiri, ndipo phiri lililonse linasunga banja lake kwa zaka mamiliyoni.

Kabilimankhwe kena ka pansi kali m'mapiri a Malawi Hills ku Nsanje. Kanalembedwa koyamba mu 1992 ndi Colin Tilbury, ndipo dzina lake la sayansi ndi Rhampholeon chapmanorum. Kutalika kwake ndi masentimita asanu ndi theka, kosaposa chala chanu. Mwachilengedwe kwawo ndi kumeneko basi. Zithunzi zojambulidwa kuchokera mumlengalenga zinaonetsa kuti pakati pa 1984 ndi 2019, magawo pafupifupi 80 pa 100 aliwonse a nkhalango ya kumeneko anatha, ndipo ena ankaopa kuti kanyamaka kanatha nayo limodzi. Mu 2016 Krystal Tolley yemwe uja, pamodzi ndi akatswiri a kuno kwathu, anakafufuza usiku ndi matochi, chifukwa timagona pa timitengo tatifupi ndipo kuwala kukatigunda timaoneka totuwa. Anatipeza tili moyo. Anadula tinsonga ta michira n'kutibwezera pomwe anatipeza.

Zimene DNA inaonetsa, monga analembera mu 2021, ndi zimene zimandisowetsa mtendere. Timabilimankhwe ta m'kachigawo kamodzi ka nkhalango tayamba kusiyana ndi ta m'kachigawo koyandikana nako. Tanthauzo lake n'lakuti sitikukumananso kuti tiberekane. Pakati pawo palibe nyanja, pali minda ya chimanga ndi chinangwa, koma kwa kanyama kofuna mthunzi ndi chinyontho cha nkhalango, munda wa padzuwa ndi malire osadutsika. Kagulu kalikonse kakatsala kokha, moto umodzi wolusa kapena chaka chimodzi cha chilala chikhoza kukamaliza.

Amene anatsegula minda imeneyo sindikuwaloza chala. Ndi anthu ofuna kudyetsa ana awo, m'boma limene chigwa chake chimasefukira chaka ndi chaka. Koma nkhalango yotsalayo ndi imenenso imasunga akasupe amene midzi ya m'munsi imamwa. Zimene ofufuzawo anapempha n'zomveka: kudula kuleke m'zigawo zotsalazo, ndipo pabzalidwe mizere ya mitengo yachilengedwe yolumikiza chigawo ndi chinzake kuti tinyamato tizitha kudutsa. Ntchito imeneyi ikufuna mafumu a m'deralo, a zankhalango, ndi thandizo loti mabanja okhudzidwawo apeze pena podalira. Mafumu athu a ku Nsanje amene mukumvera, nkhaniyi ndaitula kwa inu.

Nthawi yathu yathera pamenepa. Sabata yamawa tidzatsikira m'nyanja ya Malawi, kukaona mmene mbuna, utaka ndi chambo zinachulukira kukhala mitundu mazanamazana m'nyanja imodzi. Tsalani bwino, mugone bwino.

(NYIMBO YOTSEKERA)